Nsalu Yoyera ya Pansi pa Bokosi Lako

Esinati mwana wanga,

Za moyo sindikufunsa, poti tagona nyumba imodzi, ndipo wanga wauona wekha m'mawa uno pamene ndimakukalipira chifukwa cha lichero lija unalisiya pamame. Ndikulemba masana ano ndili pakhonde, iwe utapita kutsidya kwa dambo kukatsanzika apongozi ako. Bambo ako ali patsinde pa mkuyu akusoka khoka, ndipo akungondiponyera diso mwakabisira, kudabwa kuti mkazi wawo wagwira pensulo nthawi yopeta mpunga. Zilembo zanga uzipirire. Ndinaziphunzira m'kalasi ya ubatizo ndili kale ndi mwana kumsana, n'chifukwa chake zimayenda chammbali ngati nkhanu. Kalatayi ndikupatsa mawa pa siteshoni ya Salima. Usaitsegule ine ndikuona. Udikire sitima inyamuke, ukhazikike pampando, misozi iyambe yauma.

Ndikanakukhazika pamphasa n'kukuuza pakamwa, koma mwambo ukuudziwa: za pathupi mayi sakamba ndi mwana wake maso ndi maso, zimenezo n'za anankungwi. Komanso ine ukundidziwa. Nkhani ndimaiyamba mofatsa koma ndimaimaliza ndikukalipa, iwe n'kungozyolika, osatolapo kanthu. Pepala silikweza mawu.

Dzulo utapita kunyanja kukachapa ndinatsegula bokosi lako kuti ndikuikiremo singano ndi ulusi. Sindimafufuza, Mulungu ndi mboni, koma dzanja la mayi likalowa m'bokosi limafika pansi lokha. Kunsi kwa bulangete ndinapeza nsalu yoyera ya bafuta, yatsopano, ikununkhirabe sitolo ya mmwenye, yopindidwa mwaulemu kuposa zovala zako zonse. Deresi la munthu wamkulu singakwane, ndipo iwe duku yoyera suvala. Ndinaizindikira nthawi yomweyo. Wagula nsanda, mwana wanga, nsanda ya mwana amene akadali m'mimba mwako.

Usachite manyazi, sindinauze munthu. Chimene chinakutuma kusitolo ndikuchidziwa. Mwana wako wachisamba tinamuika dzinja lija akungoyamba kukhala pansi. Amuna ako aFilipo anabwera kuchokera ku Halale kudzalira nawe, anabwerera kuntchito, ndipo tsopano akuitana kuti ukakhale nawo kumeneko, kudziko kumene ulibe ngakhale wokapemphako mchere. Ndiye mumtima mwako wati, zikakachitikanso kumeneko, nsalu ndikapempha kwa yani? Ndakhala ndikukuona miyezi yonseyi. Mwana akagunda m'mimba akazi ena amaseka n'kugwirapo, koma iwe nkhope imagwa, dzanja n'kulibisa kumbuyo. Ukumuopa mwanayo ngati mlendo wobwera ndi uthenga wa maliro. Zikundimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa njira imene wayambayo ndinaiyenda ine, ndipo ndikudziwa kumene imatulukira.

Iwe usanabadwe ndinataya awiri. Zimenezi umangozimva, sindinakufotokozerepo bwino. Woyamba sanalire n'komwe, amayi achikulire anapita naye kudambo ine ndisanamuone nkhope. Wachiwiri, mtsikana, anafika pomera mano, malungo n'kumutenga nthawi ya mvula. Tsiku limenelo m'nyumba munalibe nsalu yooneka ndi maso, ndipo tinamukulunga m'biriwita yanga yakale, yomwe ndinkamuberekera, yong'ambika m'mbali. Chimenecho chinandikhala pamtima ngati munga wa nsomba pakhosi. Ndiye iwe utabadwa, titangotuluka m'chikuta, ulendo wanga woyamba unali wa kusitolo, iwe uli kumsana. Mmwenye podula nsalu anandifunsa ngati ndi ya ubatizo, ine ndinavomera ndi mutu. Nditafika nayo ndinaiika mumtsuko wong'aluka, ndinavundikira ndi mbale, n'kuukankhira pangodya pamene bambo ako safikapo.

Ndinkati ndachita zanzeru. Ndinkadziuza kuti chinthu ukachikonzekera sichipweteka kwambiri chikafika, choncho ndinayamba kukutsanzika tsiku lomwe ndinayamba kukuyamwitsa. Akazi anzanga ankaimbira ana awo posinja, ine ndinkakubereka chete, khutu lili kumsana, kumvetsera ngati ukupumabe. Ukagona tulo tabwino ndinkakugwedeza kuti ndione ngati ungadzuke, iwe n'kulira, ine n'kuti walira, ndiye kuti wadwala. Liwombo lako ndinaligwiragwira mpaka azakhali ako aNamwale anandimenya dzanja, amvekere, "Alamu, mudzaboola mutu wa mwana. Si papaya ameneyu loti muzidina kuona ngati lapsa." Ukaseka ndinkayang'ana kumbali, kuopa kuti kuseka kumeneko kudzandizunza ndikamadzakukumbukira. Taona uchitsiru wake. Ndinkathawa kuseka kwa mwana wamoyo pofuna kuchepetsa misozi ya tsiku limene mpaka lero silinafike.

Chimene ndinakolola ndi ichi, ndipo uchimvetse bwino. Utandifunsa lero mawu ako oyamba, ine mwini sindiwakumbukira. Tsiku limene unayamba kuyenda sindilikumbukira, chonsecho ndinali pabwalo pomwepo ndikutongola chimanga. Amene amakumbukira ndi Abiti Selemani, anansi athu a kuseri kwa mpanda. Iwo ndiwo amandiuza kuti unayamba kuyenda pothamangitsa bakha wawo, kuti unagwa n'kumutukwana bakhayo m'chinenero chako, ndi kuti mawu ako oyamba anali "somba". Akamasimba ndimaseka nawo, koma m'kati mumandiwawa, kuti mbiri ya mwana wanga ndizikaibwereka kwa eni. Thupi langa linali pakhomo pano, kuphika ndi kuchapa, koma mwini wakene ndinali kumanda, kudikira iwe.

Zinatha bwanji? Unali ndi zaka ngati zinayi. Chaka chilichonse mvula ikatha ndinkaitulutsa nsalu ija mobisa n'kuiyanika pampanda kuseri kwa nyumba, kuopa njenjete ndi nkhungu. Tsiku limenelo bambo ako anali kuchilumba cha Mbenji kukagwira utaka, pakhomo tinalipo awiri. Ndinaiyanika n'kupita kukatunga madzi. Pobwera ndinapeza pampanda palibe kanthu. Ndikuzungulira nyumba ndinakuona utagona chagada pamchenga, kunsi kwa thandala loyanikapo nsomba, utafunda nsaluyo kuyambira kumutu, uli zii, osagwedezeka.

Mtsuko wa madzi unagwa n'kusweka. Kukuwa kumene ndinakuwa ine, Abiti Selemani analumpha mpanda, munthu wa thupi lake lija, mpaka lero sitidziwa kuti anaulumpha bwanji. Ndiye iwe n'kuvundukula nkhope, mano onse panja, umvekere, "Amayi, ndabisala! Simunandipeze!" Unali kusewera chibisalirano wekha. Ine ndinatola kamtengo kuti ndikukwapule, koma Abiti anandigwira mkono. Anayang'ana nsalu, anayang'ana ine. Ukudziwa kuti kwa Asilamu anzawo iwo ndiwo amasambitsa maliro a akazi ndi kusoka nsanda, ndiye panalibe chowafotokozera.

"Nabanda," anatero, "nsalu iyi munagula liti?"

"Titangotuluka m'chikuta," ndinayankha.

"Subhanallah! Ndiye zaka zonsezi mwakhala mukulera maliro?"

Iwo anatembenukira kwa iwe, amvekere, "Tagonanso, mama, ndikubise bwino, amako asakupeze." Unagona mokondwa. Anakufunditsa kuyambira kumutu, anaikoka nsaluyo, anaiwongola, kenaka anandikodola. "Tabwerani kuno muone." Mapazi ako anali panja, mpaka m'misongolo, otuwa ndi fumbi, zala zikuvinavina poti unali kudziletsa kuseka. "Mwaona? Yamuchepera. Inu mumayang'anira nsalu, mwana akukula. Kodi mapazi awa munayamba mwawaonapo?"

Ndinagwada n'kuwayang'ana mapaziwo. Chala chachiwiri chinali chachitali kuposa chachikulu, ndendende ngati cha bambo ako. Ine amene ndinkakusambitsa tsiku ndi tsiku sindinkadziwa zimenezo, chifukwa pokusambitsa ndinkafunafuna zotupa ndi kutentha, osati mwana. Ndinalira, Esinati, kulira kosiyana ndi kwa pamaliro. Ndili m'kulirako ndinawauza Abiti za biriwita yong'ambika ija, manyazi amene ndinali ndisanauzepo munthu. Iwo anangoti, "Ndiye kuti anapita atafunda fungo la amake. Cholakwika n'chiyani pamenepo? Ine ndasambitsa maliro ambiri m'mudzi muno, a olemera ndi a osauka, ndipo sindinaonepo munthu atatsala panja chifukwa chosowa nsanda. Tsikulo likafika, nsalu imapezeka. Koma mwana wamoyo uyu taonani, alibe deresi." Anaikutumula mchenga, anaipinda, n'kupita nayo kwawo, osandipempha.

Deresi loyera lija ukulikumbukira? Lija unkakana kulivula ngakhale pogona, lija unkapita nalo ku Sande sukulu mpaka linakwera pamwamba pa maondo anthu n'kumatiseka? Ndi lomwelo. Abiti analisoka pamanja n'kubwera nalo mkuja wake. Linadya mango, linakhala pamatope, linang'ambika pa bwato, ndinaliika zigamba mpaka mwini nsalu anasowa pakati pa zigambazo. Litakuchepera linavalidwa ndi mwana wa aNamwale, kenaka linakhala chopukutira mbale, ndipo chidutswa chomaliza bambo ako anatsekera mng'alu wa bwato. Nsanda yako inathera panyanja, ikugwira utaka.

Usaganize kuti ndinachiriratu tsiku limenelo, ayi. Chaka china bambo ako ali panjira yochokera ku Mbenji, mwera unauka m'mawa, wamphamvu wosasula madenga. Ine ndinali kumunda kuingitsa mpheta, poti mpunga unali utayamba kucha. Nditangomva mphepo ikulira m'mabango, basi ndinayambapo. M'maganizo mwangamu ndinawamiza bambo ako ndili chikhalire pachulu. Ndinawavuula, ndinawalira, tinameta. Kenaka ndinaona aNamwale akubwera kudzatenga mbuzi ndi khoka latsopano limene linali m'nyumba, amvekere n'za mlongo wathu. Ndinakangana nawo, mwana wanga, mkangano waukulu, ndipo ndinawayankha bwino kwambiri, mawu amene pamaso pawo sindikanawapeza. Dzuwa litapendeka bambo ako anatulukira kumunda komweko, nkhafi ili paphewa, ngakhale chimfine alibe. Anali ataona mitambo n'kukocheza pagombe lina kudikira kuti mphepo itsike. Anayang'ana munda, anayang'ana ine, n'kuti, "Nabanda, kodi mbalamezi mwaziitana ndinu? Zikudyatu ngati paukwati." Mpheta zinali zitamaliza mbali yonse ya kumadzulo, ine ndili pomwepo, chitini choziopsezera chili m'manja. M'mawa mwake aNamwale anabwera kudzationa, atasenza dengu la chinangwa, koma moni wawo ndinamuyankha mokoka, mtima ukadali pa mbuzi zija. Mpaka lero sadziwa chimene anandilakwira.

Seka, ndi zoseketsadi. Koma uone bwino: bambo ako sanamire, pamene mpunga unadyedwa zenizeni, ndipo chaka chimenecho tinauyeza ndi chikho. Mantha amaba motero. Amakuloza kutsogolo kuti taona icho chikubwera, iwe n'kukweza maso, iwo n'kutola chimene chili pamiyendo pako. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ine wanga ndinkamusiya pamphuno pomwepo osamukoka, maso ali ku mphepo.

Tsopano ndikuuze chovuta, chifukwa sindikufuna kukunyengerera ngati kamwana. Sindikukulonjeza kuti mwana uli nayeyu adzakula. Zimenezo sizili m'manja mwanga, kapena mwako, kapena mwa adokotala a ku Halale. Chakudza sichiimba ng'oma. Mlongo wako Yakobe, amene unapondana naye, ndinamulera nditaphunzira kale. Sindinamugulire nsalu. Ndinamuimbira posinja, ndinamusekerera, ndinamukwapula ataba mazira a bakha kwa Abiti, ndinkadziwa kuti amaopa nkhanu koma za ng'ona amangoseka. Ndipo anatisiyabe asanayambe sukulu, iwe ukukumbukira. Ululu unabwera wonse, osachepa ngakhale pang'ono. Koma ululu wa tsikulo unabwera ndi anthu ake ndiponso ndi mphamvu zake, zimene sindikanazipeza dzulo lake ngakhale ndikanazifuna. Uthenga usanafike kumidzi ina, Abiti Selemani analowa m'nyumba nsalu yoyera ili m'khwapa, tisanapemphe. Amayi a mumpingo anadzaza bwalo. Chimene ndinkaopa zaka zonse zija, kuti ndidzakhala ndekha manja ali lende, sichinachitike.

Ndipo tamva ichi. Yakobe ndili naye yense. Mawu ake, kayendedwe kake kopendama, mmene ankanyambitira chikhatho akamaliza kudya, zonse zili muno, ndipo ndikamufuna ndimamutulutsa n'kuseka ndekha kumunda. Iwe amene uli moyo, amene ndikukulembera kalata, zaka zako zoyamba ndilibe. Weruza wekha kuti ndinataya ubwana wa yani. Nawenso chuma chimenechi uli nacho. Mwana wako uja unamukonda osasiyako, ndinkakumva ukumuimbira kuseri kwa nyumba nyimbo zopanda mutu, iye n'kumakuyankha ndi malovu. Tsopano ukuganiza kuti unalakwa, kuti ukanamukonda pang'ono bwenzi zikupweteka pang'ono. Si zoona, mwana wanga, ine ndinayesa njira zonse ziwiri. Masiku ake anali owerengeka, koma onse anawadya ali ndi mayi. Uyu ali m'mimbayu usamumane chifukwa cha mkulu wake, sanalakwe kanthu.

Ufunsa kuti nanga manthawo akabwera nditani, poti sagogoda pakhomo. Ine mankhwala anga ndinawapeza kumunda, ndipo si a mizu. Ukudziwa mmene timadulira mpunga kuno, ngala imodziimodzi ndi kampeni. Ukakweza maso kuona munda wonse, msana umayamba kupweteka usanadule kanthu, ndipo ukaganiza za kwina kampeni kamakukumbutsa pachala. Ndiye mtima ukayamba ulendo wake wa kumanda, ndimaubweza ndi mafunso achibwana. Mapazi anga aponda pati? Pamatope ozizira. M'manja mwanga muli chiyani? Ngala ya mpunga. Ndikumva chiyani? Achule, mwana wa eni akulira kutsidya, ndi mpweya wanga ukulowa n'kutuluka. Kenaka ndimadzifunsa funso lalikulu: pano, nthawi ino, pali maliro? Ndimayang'ana uku ndi uku, palibe. Pali mpunga, ndipo ukudikira kudulidwa. Mtima umathawanso, usadabwe, uli ngati mbuzi yozolowera munda wa eni. Osaukalipira, kungokoka chingwe n'kuubweza, ukathawanso n'kuubwezanso. Masiku ena ndimaubweza tsiku lonse, masiku ena umadya msipu pafupi osandivutitsa.

Ku Halale kulibe mpunga wodula, koma kuli mbale zotsuka, malaya a aFilipo osita, ndi mzere wa pampopi umene amati ndi wautali. Zimenezo zikwanira. Ukamatsuka mbale uzitsuka mbale, umve madzi m'manja, uone ngati mafuta achoka. Ukamapemphera usamuuze Mulungu za chaka chamawa, akuzidziwa kuposa iwe. Umuthokoze chifukwa cha mpweya umene wangokoka, ndi umene akukoka mnzako wa m'katiyo kudzera mwa iwe.

Usandimve molakwa, sindikuti ukhale chitsiru chongoyang'ana mitambo. Bambo ako apa akusoka khoka loti akaponye mawa, ndipo amenewo si mantha, ndi ntchito ya lero imene ili ndi pogwira. Chimene chili ndi pogwira, gwira. Upite kuchipatala masiku amene akuuza, uzidya ngakhale mtima usakufuna, ndipo mwana akadzatentha thupi usadzadikire kuti tione mawa, udzanyamuke nthawi yomweyo. Koma chimene chilibe pogwira, chisiye. Ukaona kuti nkhani imodzi yomweyo ukungoizunguliza m'mutu, manja osagwira kanthu, dziwa kuti mpheta zalowa m'munda.

AFilipo uwauze za manthawa. Nawonso anataya mwana, ndipo amuna amalirira m'kati, umangoona ayamba kukonza mpando wosathyoka. Musakhale m'chipinda chimodzi aliyense atabisa nsalu yake. Za akazi a m'tauni amene wamva kuti amalanda amuna a eni, usayambe kukangana nawo sitima isanafike, ungachite zanga za aNamwale. Ukafika upereke moni kwa wa khomo loyandikana nalo, kaya ndi wa mtundu wanji, kaya amapemphera kuti. Abiti Selemani aliko kulikonse, koma amapezeka ndi munthu amene maso ake ali pabwalo.

Inenso usandiike m'manda ndikadali kutafuna chinangwa. Ndinakumva tsiku lija ukuuza bambo ako kuti mwina pobwera sudzatipeza. Mwina, inde, ndipo mwina udzatipeza tikukanganabe za amene anasiya chitseko cha khola chosatseka. Usaganize kuti ine ulendo wakowu sindikuuopa. Kuyambira m'mawa mtima wanga wakwera kale sitima kangapo, wakuwolotsa Zambezi, wakudwalitsa, wakusowetsa pa siteshoni ya eni. Ndakhala ndikuukoka chingwe. Mapazi anga ali pakhonde lozira dzana, m'manja muli pensulo ya bambo ako yolumidwa kumutu, ndikumva nkhuku ikutetera kuseri. Mwana wanga sanapite, ali kutsidya kwa dambo ndipo abwera kudzadya kuno. Madzulo ano ndikuuza kuti undizule imvi. Udabwa, poti ine za imvi sindisamala, ndipo uziti mayi ayamba ukalamba. Ukamawerenga pano ndiye wadziwa chifukwa chake: ndikufuna manja ako m'mutu mwanga lero, pamene alipo.

Tsopano za nsalu yako. Usavutike kufufuza pansi pa bokosi, mulibe. Ndakubera, ndipo sindikupepesa. Utangotuluka m'mawa uno ndinaing'amba pakati. Theka ndasoka kathumba n'kuthiramo mpunga wa m'munda mwathu, kuti aFilipo akakumbukire fungo la kwawo. Theka linalo lili m'kadengu kamene kali pamiyendo pako. Chotsa masamba a nthochi pamwambapo uone. Ndakulungiramo kampango wowamba, wonona uja bambo ako anakusankhira, ndipo ndinamukulunga akadali wofunda, mwadala. Pamene ukuwerenga pano mafuta alowerera kale, ndipo banga la kampango ngakhale sopo wa Azungu salichotsa. Nsalu imeneyo tsopano munthu sangaikire ngakhale nkhuku.

Mwina ukwiya. Kwiya, sindikuletsa, ndipo ukandilembera kalata yondikalipira ndidzaiwerenga mokondwa. Ku Halale masitolo aliko ambiri, ine sindidzakhalako kuti ndikugwire mkono, ukafuna kugula ina palibe wokuletsa. Koma ukadzaima pakhomo pa sitolopo udzakumbukire mapazi otuwa aja ali panja pa nsalu, zala zikuvina. Udzabwerere, udikire mwana atuluke m'chikuta, ndiye udzapite kukagula mbereko, ya maluwa ofiira, yoonekera patali.

Sitima ikamayandikira Chipoka nyanja idzaonekera kudzanja lako lamanzere, pafupi kwambiri. Ukapitirira pamenepo sudzaionanso mpaka tsiku lobwerera. Usayambe kuisowa ikadali pawindo, iyang'ane. Masula nsaluyo, unyeme kampango, upatseko amene wakhala naye pampando. Udye bwino, muli awiri. Ndipo mwanayo akagunda, monga achitira ukangodya, upukute mafuta pa bafutayo, uike dzanja pamimba, umuyankhe.

Ndine mayi wako,
Nabanda